Chitofu cha Bambo Ako Chikwere Nawe ku Chikangawa

Tawonga mwana wanga,

Ndaona kuti tikamayankhulana pakamwa tikungothera kukokana, iwe kwako ine kwanga, monga tinachitira dzulo mpaka Wezi anadzuka ndi phokoso lathu. Ndiye ndati ndigwire cholembera masana ano pamene wapita ku Bandawe kukatsanzika azakhali ako, chifukwa pepala silidula munthu mawu pakamwa ngati mmene umachitira iwe. Ndalemba m'Chichewa dala kuti bambo a Wezi nawonso awerenge okha, usakawamasulire mokhotetsa. Akaona kuti Chichewa changa chikununkha nsomba andikhululukire, ndi cha kunyanja. Ukabwera upeza pabwalo pali zibanthu za mtengo mbwee. Usafunse kanthu mpaka utafika kumapeto kwa kalatayi.

Nkhani ndi yomwe ija. Mawa ukukwera kupita ku Chikangawa kumene amuna ako awatumiza kukaphunzitsa. Mwezi uno ndi wa Meyi, chisanu chili pakhomo, ndipo ukutenga mwana amene chibayo chinatigoneka naye m'chipatala posachedwapa. Ine ndikuti tenga chitofu cha nkhuni cha malemu bambo ako. Iwe ukuti, "Ama, chidzimbiri chimenecho ndikachite nacho chiyani? Anthu akandiseka. Tikagula hita ya magetsi, magetsi akazima tizikakoleza mbaula." Mawu akuti mbaulawo ndi amene andisowetsa mtendere. Ndikuuza mosabisa, ndili ndi mantha ndi chifuwa cha mdzukulu wanga, ndipo sindikufuna kuti ukaphunzire ndi iyeyo zimene ine ndinaphunzira ndi iwe.

Umanyada kuti unabadwira ku Chikangawa, koma unachokako uli kumsana. Kuzizira kumene ukukudziwa iwe ndi kwa kuno ku Chintheche, mwera ukawomba ife n'kufunda chitenje chachiwiri, n'kumadandaula ngati tafa. Kumtunda kuja n'kwina, mwana wanga. Nkhungu imalowa m'nyumba ngati mlendo wodziwa pokhala, zovala ukayanika lero mawa uzipeza zanyowa kuposa dzulo, ndipo m'mawa madzi a mumtsuko amaluma mano. Magetsi ukuwadalirawo umawadziwa khalidwe lawo. Amazima tsiku limene wawafunitsitsa.

Ine ndinapitako ndili mtsikana, nditangokwatiwa. Bambo ako, a Longwe, anali atapeza ntchito yonola macheka kwa ocheka matabwa, ndipo anatipatsa nyumba pa kampu yaing'ono mkati mwa nkhalango ya paini, nyumba zowerengeka chabe. M'chipinda chochezera ndinapezamo chinthu chakuda chamiyendo inayi, chachitseko pamimba, chumuni chake chitaboola denga. Ndinafunsa kuti, "Kodi ichi ndi cha ntchito yanu?" Iwo anaseka mpaka misozi. Anati, "Nyamhone, amenewa ndiwo mafuwa ako a kuno." Ndinachida tsiku lomwelo. Moto wanji wotsekeredwa m'bokosi, wosauona malawi, wosausonkhezera ndi phazi? Ndinali wamakani ngati iwe, ndiye usaganize kuti makaniwo unawatola panjira.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwa mwana wa m'nyanja weniweni. Ukudziwa kuti agogo ako anandilera pa ng'anjo yowambira nsomba. Kwathu nkhuni zabwino zinali zaziwisi pang'ono, zonyeka mochedwa, zotulutsa utsi wambiri kuti kampango afiire bwino. Bambo ako atandituma kukagula nkhuni kumsewu, ndinasankha monga anandiphunzitsira amayi. Ndinasiya zouma zopepuka, ndinatenga zolemera zonunkhira uwisi, ndipo ndinabwera ndikudzitama kuti ndagula zokhalitsa. Nditazilonga m'chitofu muja zinayamba kulira fyii, kutuluka thovu kumapeto, utsi tolo nyumba yonse. Kutentha kunalibe. Malaya oyera a bambo ako, amodzi okhawo a kutchalitchi, ndinali nditawakoleka pafupi kuti aume. Lamulungu anapita nawo atafiira ngati kampango wowamba, ndipo anzawo anawatcha dzina loti Kampango, limene linawakakamira mpaka tinachokako. Sanandikalipire. Anangoti, "Nyamhone, unakwatiwa nane kapena ukufuna undiwambe ukandigulitse ku Mzimba?" Choncho uve izi: chitofu si ng'anjo. Kumtunda nkhuni zabwino ndi zouma, zouma basi.

Amene anandiphunzitsa kugula nkhuni anali mayi a nyumba yoyandikana nafe, a Nyajere, Mngoni wa ku Mzimba, wamfupi, wamawu ngati wailesi. Atauona utsi uja anabwera osaodira n'komwe. Tsiku lotsatira ananditengera kumsewu ngati mwana wa sukulu. Anatola zikuni ziwiri n'kuziwombanitsa, zinalira ngwe ngwe. Anatola zina ziwiri, zinangoti bu bu. Anati, "Mwamva, mama? Zouma zimayimba, zaziwisi zimang'ung'udza. Muzigula zoyimba." Anandionetsanso kumapeto kwa chikuni, kuti chouma chimakhala ndi ming'alu, khungwa lake limasendeka ndi chala, ndipo ukachinyamula chimapepuka kuposa mmene chikuonekera. Mpaka lero sinditha kudutsa mulu wa nkhuni pamsika wa pa Chintheche osagogoda, ngakhale ndisakugula. Ogulitsa amati ndimawatsirikira malonda. Iwe gogoda, Tawonga. Akakuseka aseke, koma gogoda usanagule.

Mitengonso siyifanana. Kumeneko ukapeza zigwagwa zambiri, zija zimatsala m'mbali akamacheka matabwa a paini. Zimayaka msanga, ndi zabwino poyatsira ndi powiritsira tiyi, koma zimangoti lawi n'kutha, sizisiya makala. Bulugama wouma bwino amakhalitsa. Ukapeza muwanga kapena msuku wakugwa wokha, usauchitire nkhanza pophikira nyemba, usunge wa masiku oipa. Chikuni chimodzi chachikulu cha mtengo wolimba ukachiika madzulo n'kuchepetsa mpweya pa kachitseko ka m'munsi, m'mawa umapeza makala akadali maso pansi pa phulusa, n'kungoikapo tizigwagwa moto buu. Ndipo usagule kwa anthu obwera mozemba, oyang'ana uku ndi uku. Nkhuni zakuba m'nkhalango zimabwera ndi alonda pambuyo pake. Upeze wogulitsa mmodzi wodziwika pakhomo pake, uzimupatsa moni ndi dzina, tsiku lina umusungireko usipa ndikakutumizira. Munthu amene wadya usipa wako sakubisira zaziwisi m'kati mwa mtolo.

Tsopano za mbaula. Chisanu changa choyamba, tsiku lina ndinachita ulesi kuwaza nkhuni. Ndinati chitofu chimachedwa, ndikoleze makala pa mbaula monga timachitira kuno pakhonde. Ndinailowetsa kuchipinda, ndinatseka chitseko ndi zenera, mpata wa pansi pa chitseko n'kutsekapo ndi chiguduli kuti mphepo isalowe. Kunali kofunda bwino zedi. Ndinakhala pamphasa ndikusoka, kenaka mutu unayamba kulemera, singano inagwa, ndipo ndinamva tulo tokoma timene sindinatimvepo. Ndinafuna kudzuka koma miyendo inakana. A Nyajere anabwera kudzabwereka sefa, anaitana osayankhidwa, anakankha chitseko n'kundikoka ngati thumba la chinangwa mpaka pa udzu wonyowa. Nditatsitsimuka ndinasanza, mutu ukuwawa ngati wawazidwa ndi nkhwangwa. Iwo ali chilili akukalipa m'Chitumbuka, "Mwafuntha, a Nyamhone? Mwafuntha?" Kunena kuti ndapenga. Anati makala alibe utsi wooneka koma amadya mpweya wa munthu mwakachetechete, ndipo amayamba ndi ana. Ine ndinali wamkulu, wamphamvu, ndiponso kunali masana, anthu akuyenda. Wezi ndi kamwana ka chifuwa chofooka. Chitofu chili ndi chumuni chotulutsira zoipazo kunja, mbaula ilibe. Ngakhale ndi chitofu chomwecho, zenera uzilisiya ndi kampata kolowa chala. Mbaula m'nyumba yotseka ayi, Tawonga. Ukaiwala zonse za m'kalata muno, iyi yokha usaiwale.

Chumuni nachonso chimafuna ulemu. Ine ndinkaganiza kuti n'chitoliro chabe chongotulutsa utsi. Sindinkadziwa kuti paini ali ndi utomoni umene umakwera ndi utsi n'kumamatirira mkati, mwaye n'kumaunjikana. Chaka chachiwiri, Loweruka lina ndikuphika buledi, ndinangomva chumuni chikubangula ngati lole pachitunda, chitafiira, moto ukutuluka pamwamba pa denga. Ndinathamangira ndowa ya madzi. Bambo ako anandigwira mkono n'kunena kuti chitsulo chotentha ukachithira madzi chimang'aluka. Anatseka zitseko zonse za chitofu kuti moto usowe mpweya, n'kukwera padenga ndi masaka onyowa, ine pansi ndikupemphera m'zilankhulo zonse zimene ndinkadziwa. Nyumba inapulumuka. Kuyambira pamenepo chisanu chisanayambe ankakwera padenga, n'kutsitsa m'chumuni chingwe chomangirira mwala wokulunga m'chiguduli, kukoka n'kutsitsa mpaka mwaye wonse ugwe. Ankatsika ali bii, mano okha mbee. Bambo a Wezi, ndime iyi ndi yanu. Choko chimadetsa manja ndi zoyera, mwaye ndi zakuda, koma zonse zimachoka ndi sopo. Muzikwera.

Usaganize kuti chinali chinthu cha mavuto okhaokha. Ndikakumbukira masiku okoma a ukwati wanga, ambiri ali pafupi ndi chitofu chimenechi. Bambo ako akaweruka ankafika manja ali gwa ndi kuzizira, n'kuwayandikiza pachitsulo, ketulo ikuyimba pamwamba. Tinkaika mbatata ya kachewere m'phulusa la m'munsi, ine wodziwa chinangwa chokha n'kumaidya ndi mchere ngati ndabadwira pomwepo. Masiku amenewo ndi amene dziko linkasintha, anthu atayamba kunena za zipani zambiri, ndipo amuna a pa kampu ankasonkhana kwathu kudzamvera wailesi chifukwa nyumba yathu ndiyo inali yofunda. Ankatsutsana mpaka kuloza zala, koma wina akati atuluke mokwiya, akangotsegula chitseko n'kuiona nkhungu, ankabwerera n'kukhala pansi mwaulemu. Anthu akapita, bambo ako ankayimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitonga, motsitsa, akusonkhezera moto. Ankalakalaka kunyanja kwambiri munthu uja. Pakhoma, pamwamba pa chitofu, anakolekapo nkhafi yopalasira bwato imene bambo awo anawapatsa tsiku lonyamuka. Inali ya mtengo wolimba, yakuda ndi thukuta la manja a agogo ako aamuna, ndipo powapatsa anati, "Iyi ndi mboni yakuti uli ndi kwanu." Anzawo ankawaseka kuti akufuna kupalasa nkhungu. Iwo ankaipukuta Lamulungu lililonse ngati mwana.

Panalinso kalamulo kathu kamene ndikufuna mukatengere. Woyamba kudzuka ndiye wokoleza moto, mwamuna kapena mkazi, ndipo ngakhale mutagona mutayambana, moto sukhala nawo m'mlandu. Ine ndinkanamizira tulo nthawi zambiri, ndikuvomera, ndipo bambo ako ankadziwa. Ankati, "Nyamhone, anthu ogona zenizeni samwetulira." Ndiponso mnzako akabwera kudzapala moto kapena kupempha zouma zoyatsira, usamuwerengere. Kumalo kozizira mnansi ndi bulangeti lachiwiri. Ukayenda siya phazi, mlomo wakowo uusiye kuno, ndikusungira.

Tsopano ndifike pa iwe. Umadziwa kuti unabadwa masiku osakwana, koma pali zina sunazimve. Ndinkakuyembekezera mu Ogasiti, kunja kutayamba kufunda, iwe n'kubwera mu Juni, pakati penipeni pa chisanu. Makani unayamba kale. Chaka chimenecho nkhuni za chisanu ndinagula mochedwa. Anzanga ankagula m'chilimwe, mvula isanagwe, n'kuzisanja pakhonde pamwamba pa miyala kuti ziume miyezi yonse ya dzinja. Ine ndinazengereza mpaka mvula inatha. Kenaka panadutsa munthu wa ngolo amene sindinkamudziwa, mulu wake waukulu, mtengo wake wotsika. Mimba inali italemera, msana ukuwawa, ndinagogoda ziwiri za pamwamba zokha, zinalira bwino, ndinati tsitsani. Pansi ponse zinali zaziwisi, zodula dzana. Ndinazindikira zouma za pamwamba zija zitatha, iwe uli kale m'manja.

Anatitulutsa kuchipatala uli kakang'ono, kokwana m'chipewa cha bambo ako, ndipo anamwino anati chachikulu ndi kukufunditsa. Titangofika kunyumba kunayamba kamvula ka nkhungu kosatha, masiku kutsatana, masana kuda ngati madzulo. Msewu wa ku kampu unasanduka phala, galimoto sizinkafika. A Nyajere anali atapita kumaliro kwawo n'kukhoma nyumba, ndipo mabanja ena awiri a pafupi nafe nawonso ankalimbana ndi zonyowa zawo. Tsiku lina masana moto unazimiratu. Bambo ako anayesa mapepala, anayesa utuchi, anayesa parafini wotsala m'nyali, nkhuni zija zinkangolira fyii n'kuda. M'nyumba munazizira mpaka mpweya wa m'kamwa kuoneka. Iwe unasiya kulira. Unakana bere, timilomo tako tinayamba kutuwa, ndipo nditakugwira kuphazi kunali zii ngati mwala wa mumtsinje. Ndinakuika pachifuwa panga mkati mwa malaya, khungu ndi khungu, n'kufunda mabulangeti onse, koma nanenso ndinkanjenjemera. Ndinalira, ndinati, "A Longwe, mwanayu ndamupha ine ndi ulesi wanga."

Bambo ako anaimirira. Anayang'ana m'nyumba monse kufuna chouma. Mipando inali yachitsulo, ya kampani, bedi lomwenso. Kenaka ndinawaona akutambasula mkono pakhoma, pamene panali nkhafi ija. Ndinati, "Imeneyo ayi, ndi ya ada." Iwo anati, "Ada anandipatsa kuti ndizikumbuka kwathu. Kwathu ndi kameneko wakafukatako." Anaiika pansi, anatenga nkhwangwa, ndipo anaiwaza tizidutswa tating'onoting'ono, mosamala, ngati akuchita ntchito ya ku macheka. Mtengo umene unakhala zaka pamwamba pa chitofu unali wouma ngati fupa. Unayaka ndi machesi amodzi. Anaikapo pang'onopang'ono, osawononga, ndipo zaziwisi zija anaziwaza zopyapyala n'kuzisanja pamwamba pa chitofu ndi m'mbali kuti ziume ndi moto wa nkhafi. Zoyamba zitauma anaziponya mkati, n'kusanjapo zina. Moto umenewo sunazimenso mpaka chisanu chinatha. Dzuwa lisanalowe unayamba kufunda, unagwedeza kamwendo, kenaka unalira kulira kwaukali, kwamwano, kumene sindinamvepo kokoma ngati iko. Unagwira bere ngati wobwezera. Ndinayang'ana bambo ako, anali atakhala pansi pafupi ndi chitofu akulira osabisa, chigwiriro cha nkhafi chokha chili m'manja, ndipo nachonso anachiponya mkati.

Abale awo atafunsa za nkhafi, anati inatayika posamuka. Sankafuna kuti nkhaniyi izikambidwa, ankati mtengo ndi mtengo. Ine ndakuuza lero chifukwa dzulo unachitcha chidzimbiri.

Ntchito ya macheka itatha, tinauzidwa kuti tibwerere kwathu. Nyumba zija ankati azigwetsa, zitofu n'kukataya. Bambo ako anapita kwa akuluakulu kukapempha chathu, ndipo anawalola akuwaseka. Tinatsika nacho pa lole kudzera ku Mzuzu, iwe uli kumsana. Titafika pa Chintheche mudzi wonse unabwera kudzaona. Wina anati a Longwe abweretsa injini ya sitima, wina anati akufuna kuwotha moto mu Okutobala. Kunyanja kuno, kumene munthu amatuluka thukuta atangokhala, chitofu cha chiyani? Iwo anangochimangira m'khitchini, anaboola denga, n'kumachipaka mafuta chaka ndi chaka kuti dzimbiri lisachidye. Masikono amene unkapita nawo kusukulu, ndi amene ndinkagulitsa kumsewu kwa a minibasi, ankapsa mmenemo. Koma ntchito yake yeniyeni sichinaigwirenso. Chakhala zaka zonsezi ngati munthu wodikira kuitanidwa, ndipo ine ndikuona kuti chaitanidwa.

Za kulemera usadandaule. Ndalankhula ndi a Jafali, aja amagula nsomba zouma kuno n'kukagulitsa ku Mzimba. Lole yawo inyamuka mawa ikatha Swala ya m'mawa ku mzikiti, ndipo imadutsa pa Chikangawa pomwepo. Ati, "Mayi, chitofu cha a Longwe ndingachikane ine? Masikono ake ndadya angati?" Abambo ako aang'ono achimasula kale, miyendo payokha, chumuni m'zidutswa zake, mabawuti ndawamanga m'kansalu ndaika mu uvuni. Kachitseko ka m'munsi kamalimba, uzikakweza pang'ono potsegula, usakamenye. Phulusa uzichotsa m'mawa koma uzisiyako pang'ono pansi, moto umakhazikika bwino pa phulusa lakale. Wezi wayamba kukwawa, ndiye bambo ake amange kampanda kuzungulira chitofu tsiku lomwelo, chitsulo chotentha sichioneka kuti chatentha. Matewera uziyanika pa chingwe chapatali pang'ono, osati pachitsulo penipeni. Ndipo chilimwe chikangofika, anzako akadali kuseka kuti kwatentha, iwe yamba kugula nkhuni za chisanu chotsatira. Uzimasula mtolo wonse, uzigogoda za pansi zomwe.

Koma chaka chino wachedwa kale, monga ndinachedwera ine. Ukufika chisanu chitayamba, zouma anzako anagula kalekale, ndipo zimene ukapeze kumsewu zambiri zikhala zong'ung'udza. Ndakhala ndikuganiza zimenezi kuyambira tsiku limene unatiuza za ulendowu. Ndinayang'ana pakhomo pano kufuna chouma chenicheni choti ndikupatse, monga anayang'anira bambo ako m'nyumba muja.

Ukulidziwa bwato lawo la mbawa, limene anasemetsa titabwerera kuno, limene linatidyetsa ntchito itatha. Chimwalirireni iwo lakhala chafufumimba pansi pa mango kuseri kwa nyumba. Asodzi a ku Kande anabwera kangapo kudzalifuna lisanang'aluke, ine n'kukana. Iwe wemwe unkandiseka kuti ndalisandutsa mpando, poti ndi pamene ndimakhala posenda chinangwa, ndipo nthawi zina unkandipeza ndikulankhula nalo. Sindikana, ndinkawauza bambo ako nkhani za pamudzi. Dzulo titatha kukangana ndinapita kwa abambo ako aang'ono kukapempha chilolezo, pakuti bwato ndi la kuchimuna. Iwo anati, "Alamu, mkulu wanga akanakhalapo akanayamba yekha kuwaza." Lero m'mawa utangonyamuka abwera ndi nkhwangwa. Tachotsa malata ndi phula la m'zigamba, zotsalazo taziwaza zing'onozing'ono zokwana pa chitseko cha chitofu. Ndatola ziwiri n'kuziwombanitsa. Tawonga, sindinamvepo nkhuni zoyimba chotero. Ndinalowa m'nyumba kuti alamu anga asandione nkhope.

Ndiye zibanthu waziona pabwalozo ndi zimenezo, ndipo masaka a nkhuni ali pakhondewo ndi ako. Kalatayi ndalembera pamphasa, mpando wanga kulibe. Usandimvere chisoni, msana wanga udzazolowera. Koma nkhuni zimenezi usaphikire nyemba, usawiritsire madzi osamba, usapatse alendo kuti aone kukoma kwake. Uzisunge pouma, mkati mwa nyumba. Ndi za tsiku limene nkhungu yakana kuchoka, magetsi azima, nkhuni zogula zikungolira fyii, ndipo mtima wako wayamba kukunong'oneza za mbaula. Tsiku limenelo utenge zochepa, uyatse, usanje zonyowa pamwamba kuti ziume, zenera ulisiye ndi kampata kake.

Ndiwe mayi tsopano, nyumba ndi yako, sindingakukweze chitofu pamutu. Ngati ukukanabe, ukawauze wekha a Jafali m'mawa kuti asanyamule, ine sindidzatsegula pakamwa. Koma bwato lawazidwa kale, silibwereranso m'madzi, ndipo kuno kulibe chisanu choti ndiliwothere. Nkhafi inatsogola kumtunda kuja chifukwa cha iwe. Lilole bwato liitsatire chifukwa cha Wezi.

Bambo ako anamwalira asanamunyamule mwanayu. Ukakoleza moto woyamba ndi nkhuni zimenezi, umuyandikize, umutambasule timanja, awothe. Umuuze kuti ndi agogo ake akumufunditsa.

Uyende bwino, mwana wangu. Mulungu akusungeni nonse atatu.

Ndine mayi ako,
Nyamhone